Masitepe Atatu Amene Akutsekereza Abale Athu Kunja

Lachisanu adhana ikangomveka, timathamangira ku mzikiti, kuvula nsapato ndi kukwera masitepe osaganiza kanthu. Koma tsiku lina tidzaime pang'ono pakhomo. Tidzaona m'bale wathu atasiya njinga yake ya olumala pansi pa mtengo, akukwawa ndi manja pa simenti yonyowa ndi madzi a wudhu, kudutsa pakati pa nsapato za anthu. Ku mbali ya amayi n'chimodzimodzi. Aliponso ena amene sitiwaona n'komwe. Iwowa adatopa, ndipo masiku ano amaswalira kunyumba.

Anthu otere si ochepa ayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ena adapuwala ndi poliyo ali ana, ena adabadwa ndi mapazi opindika, ena adalumala chifukwa cha ngozi ya pamsewu kapena sitiroko, ndipo ena adadulidwa mwendo kaamba ka matenda a shuga.

Kuno kunyanja, kaya ndi ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, mdani woyamba ndi mchenga. Matayala a njinga amatitimira, ndodo zoyendera nazo zimazama. Mtunda umene mwana amathamanga mphindi zisanu, munthu wolumala amafika nawo thukuta lili kamukamu. Vuto lina ndi chimbudzi. Zimbudzi zathu zambiri n'zonjuta, khomo lake n'laling'ono, pogwira palibe. Amene miyendo yake siigwira ntchito amakakamizika kuika manja pomwe ena aponda. Kwa Msilamu amene akuyenera kukhala waukhondo pa swala zisanu tsiku lililonse, uwu ndi mtolo wolemera zedi. Akati akwere minibasi, makondakitala ena amamupitirira poopa kuchedwa, ena amalipiritsa njinga ngati thumba la usipa.

Malamulo alipo. Lamulo la 1971 ndi lomwe lidakhazikitsa bungwe la MACOHA. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2024 kudabwera lamulo latsopano lomwe lidalowa m'malo mwa awiriwa, MACOHA n'kusanduka MACODA. Komatu lamulo silinyamula njerwa. Mizikiti, madrasa ndi zimbudzi za m'midzi mwathu timamanga tokha ndi zopereka zathu. Tidakweza maziko poopa madzi osefukira, ndipo tidachita bwino, koma tidaiwala amene sangathe kukwera.

Chipembedzo chathu sichidawaiwale anthuwa. Amene sangathe kuimirira amaloledwa kuswali atakhala pansi, ngakhale atagona cham'mbali. Pakati pa Maswahaba padali Amr ibn al-Jamuh yemwe ankayenda motsimphina. Ana ake adafuna kumuletsa kupita ku nkhondo ya Uhud mu 625, koma Mtumiki (S.A.W.) adamulola, ndipo adafera konko. Ngati Allah adawapeputsira swala, ife tikuwalemetseranji njira yokafika pa swalapo?

Zofunika kuchita si zodula kwenikweni. Pambali pa masitepe timange njira yotsetsereka. Akatswiri a zomanga amalangiza kuti kutalika kwa njirayi kuzikhala maulendo 12 kuposa msinkhu wa khonde. Ndiye kuti khonde lokwera theka la mita likufunika njira ya mamita 6. Ikafupika imasanduka phiri, njinga imabwerera m'mbuyo. Khomo likhale lotambalala pafupifupi masentimita 90. Pochitira wudhu pakhale pokhala ndi chitsulo chogwira, ndipo kumapeto kwa mzere wa oswali tiikeko mipando iwiri kapena itatu. Kunyumba, mpando wathabwa woboola pakati ndi mtengo wolimba wogwirira zingasinthe chimbudzi tsiku limodzi. Panjira ya mchenga tithirepo dothi lofiira ndi miyala n'kutsendera. Koma tisanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, tiyambe tawafunsa eni ake, chifukwa ndiwo akudziwa pomwe pakuvuta.

Makolo nafenso tili ndi udindo. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika amawongoka ndi chikhakha ngati tathamangira naye kuchipatala ali wakhanda, ndipo ku Blantyre chipatala cha Beit CURE chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira mu 2002. Katemera wa poliyo tisamunyozere, pakuti matendawa adapezekanso mwa mwana wina ku Lilongwe mu 2022 patatha zaka 30 asakumveka m'dziko muno. Ndipo mwana wolumala tisamubise m'nyumba. Malo ake ali ku sukulu ndi ku madrasa pamodzi ndi anzake.

Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ukalamba ukubwera, ndipo masitepe omwe tikudumpha lerowa adzatikanika. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya mzikiti, nkhaniyi ikhale yoyamba, Insha Allah.