Kuweta Kuwala mu Ulusi wa Galasi

Aliyense amene anaimapo pa mchenga wa ku Nkopola usiku wopanda mwezi, napenya nyali za asodzi a usipa zitandanda panyanja, adziwa kuti kuwala kukachoka m'nyali kumwazikira mbali zonse, kwina m'madzi kumene kuitana nsomba, kwina kumwamba kumene sikupindulira munthu. Koma m'nthambo za intaneti zimene boma linayamba kuyala pa mitengo ya ESCOM m'chaka cha 2017, kuwala kuyenda mwa mwambo m'kati mwa ulusi wa galasi, pakuti kukagunda m'mbali kubwerera m'kati, kufikira kutatula uthenga kumene kwatumidwa.

Albert Einstein anaphunzitsa mu 1905 kuti kuwala kudza m'tizidutswa, timene akatswiri atitcha mafotoni. Ndipo Niels Bohr anaonetsa mu 1913 kuti atomu ikalandira mphamvu, elekitironi yake ikwera, ndipo potsika ilavula fotoni imodzi. Vuto nlakuti fotoniyo ilowera kumene yafuna.

Pamenepa mpamene pagona nzeru imene Edward Purcell anaiunika mu 1946, yakuti katulutsidwe ka kuwala kasintha molingana ndi malo ozinga chotulutsacho. Chotero atomu, kapena kadontho kopangidwa ndi anthu kotchedwa quantum dot, kakaikidwa m'kanjira kopapatiza kwambiri ka kuwala, kaponya fotoni yake m'kanjiramo. Ndiponso fotoni ina ikadza m'njira yomweyo, kadonthoko kakhoza kuibweza kumene yachokera, kotero kuti kanthu kamodzi kosaoneka ndi maso kasanduka mlonda wa pachipata. Kuona maso a nkhono nkudekha: panapita zaka zambiri kufikira mu 2014, pamene akatswiri a ku Niels Bohr Institute ku Copenhagen, ataziziritsa kadontho kotere koposa, analowetsa m'kanjira mafotoni 98 mwa 100 aliwonse.

Phindu lake silochepa ayi, pakuti fotoni imodzi singakopedwe mwakuba popanda kuisokoneza, ndipo uthenga wotetezedwa motere, ngakhale wa banki, uulula msanga womvetsera mobisa. Nthambo zathu zikali kunyamula mafotoni miyandamiyanda pamodzi, koma tsiku likudza lakuti zidzafuna amisiri odziwa kuwawerenga imodziimodzi. Inu makolo ndi aphunzitsi a ku Mangochi, limbikitsani ana pa masamu ndi sayansi, kuti amisiriwo adzachokere pakati pathu.