Kusankha Mutu wa Kafukufuku wa Ziweto

Wophunzira wa chaka chomaliza ku sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ku Bunda akauza mphunzitsi wake kuti akufuna kufufuza "za kadyetsedwe ka nkhuku", amakhala asananene kanthu. Nkhuku zake ziti, zachikuda kapena za Mikolongwe? Zidzadya chiyani, kwa masabata angati? Mutu umapsa pamene funso lachepa mpaka sikelo ndi kope n'kutha kuliyankha nthawi ya sukulu isanathe.

Ambiri amathamangira ku zakudya, ndipo salakwa, poti mlimi wa nkhuku zanyama ndalama zake zimathera m'thumba la fidi. Madeya savuta kupeza koma mapuloteni ake ndi ochepa. Soya ali nawo ambiri, komatu wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa matumbo kugaya mapuloteniwo, mwakuti anapiye amangodya osakula. Mukamupsereza mwawononganso zomanga thupi zina, makamaka lysine. Apa funso labadwa kale: pa chiwaya cha kumudzi, soya akazingidwe mphindi zingati? Nkhuku zanyama zimafika pogulitsa pa masabata 6, choncho yankho limabwera msanga.

Msampha uli pa kagawidwe ka anapiye. Wina amaika onse odya soya wa mphindi 10 m'chipinda chimodzi, odya wa mphindi 20 m'chipinda china. Chipinda choyambacho chili pakhomo, mphepo ya mu Juni ikulowa usiku wonse, anapiye aunjikana pakona. Akadzapepuka pa sikelo, tidzati ndi soya kapena chisanu? Palibe angadziwe. N'chifukwa chake chakudya chilichonse chimafunika zipinda zitatu kapena zinayi, zosankhidwa mwamaere. Ntchito yotopetsa, inde, koma popanda iyo lipoti lonse ndi nthano chabe.

Kwa mbuzi, nkhani ili pa chilimwe, udzu ukauma n'kutsala mapesi okhaokha. Masamba a lukina amathandiza, koma ali ndi mimosine, yemwe akachuluka chiweto chimasosoka ubweya n'kusiya kudya. Mulingo wabwino wosakanizira lukina ndi mapesi, kapena phindu la nyemba za mtengo wa nsangu, ndi mitu yosalira ndalama zambiri.

Za kubereketsa ziweto zimafuna mtima wodekha umene kalendala ya sukulu ilibe. Ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo mwana wake wamkazi amadutsa zaka ziwiri asanayambe kukamidwa. Amene akulota zokweretsa Malawi Zebu ndi Friesian kuti aone mkaka wa mwanayo adzavala gauni ng'ombeyo isanaswe n'komwe. Mbuzi ndi miyezi 5, nkhumba masiku 114, dzira la nkhuku masiku 21. Wanzeru amagwiritsa ntchito zomwe zilipo kale: mabuku a kumalo osonkhanitsira mkaka, kapena nkhuku za m'midzi momwe atambala a Black Australorp ochokera ku Mikolongwe adafika kalekale. Kodi ana awo amafungatira mazira ngati zachikuda? Mwa anapiye 10, ndi angati amapulumuka kwa kabawi ndi chitopa?

Chisamaliro cha ziweto ena amachiyesa nkhani ya azungu, poti maufulu asanu a ziweto adachokera ku lipoti la Brambell la mu 1965 ku Britain. Koma imani pamsewu tsiku la msika. Mbuzi yanjatidwa miyendo inayi pakaliyala ya njinga, mutu ukulendewera, dzuwa likuswa mtengo. M'dzinja inzake imaswera pachingwe kuopa kuti ingadye chimanga cha eni. Zonsezi zimayezeka: zilonda za m'khosi ndi m'miyendo zimawerengeka, maola okhala popanda madzi amalembeka, ndipo mikwingwirima pa nyama imaoneka mbuzi ikasendedwa. Wophunzira amangofunika kukhala ndi tepi, wotchi, kope, ndi chilolezo cha mwini mbuzi, chimene nthawi zambiri chimayamba ndi kukaonekera kwa amfumu.