Madzi, nkhuni, chigayo ndi mapepala: momwe makolo otanganidwa a ku Kandeu angapezere mpata

Ntchito za pakhomo ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya m'boma la Ntcheu, zimadyera nthawi panjira ndi pamzere kuposa m'nyumba mwenimwenimo. Kusesa pabwalo, kutsuka mbale ndi kutakasa nsima sizichedwa. Chimene chimamaliza tsiku ndi ulendo wa ku mjigo, wokatola nkhuni, wa ku chigayo, wa ku sikelo, ndi wa ku boma kukalondola pepala limodzi. Kholo lofuna kupepukidwa liyambe n'kuwerenga maulendo amenewa, lione amene angaphatikizidwe, amene angatumidwe wina, ndi amene angathere pa foni.

Makolo apantchito m'derali ndi aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, eni magolosale, matelala, akabaza, ndi amayi a geni ya tomato ndi mandasi. Pafupifupi onse ali ndi munda, ndiye ntchito zawo n'ziwiri asanafike n'komwe pa za pakhomo. Koma katunduyu salemera mofanana. Pa mwambo wa chikamwini, umene ndi wofala m'Ntcheu, mayi wobadwira komweko amakhala pafupi ndi mayi ake ndi abale ake aakazi, moti mwana amasiyidwa kwa agogo popanda kuchonderera. Mphunzitsi wochokera ku Karonga kapena namwino wa ku Mulanje alibe potsamira pamenepo. Iyeyo ayenera kuchita kukonza yekha zimene ena amazipeza zili kale.

Madzi ndiwo oyamba. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo banja la ana anayi limamaliza zigubu zingapo dzuwa lisanalowe. Mjigo wa Afridev, umene lero uli paliponse m'Malawi ndi m'maiko ena ambiri a mu Africa, unachokera ku mjigo wa Maldev umene unayesedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 m'chigwa cha Livulezi, m'boma lomweli la Ntcheu. Cholinga cha amene anaupanga chinali chakuti anthu a m'mudzi aziukonza okha ndi sipanala, osadikira amisiri a ku boma. Mfundo imeneyi ikadali yofunika kwa kholo lotanganidwa. Zimene zimatha msanga mu mjigo ndi timarabala ndi timabushi totsika mtengo, ndipo ndalama zimene komiti ya mjigo imatolera mwezi ndi mwezi n'zogulira tizipangizo timeneti. Wozemba msonkhowu amadzalipira ndi miyendo mjigo ukafa, chifukwa madzi amakatungidwa mudzi wina kapena ku mtsinje.

Mzere wa pa mjigo uli ndi nthawi zake. Mbandakucha ndi madzulo umatalika, masana umafupika. Banja lokhala ndi mgolo wa chivundikiro limatha kutunga madzi a masiku awiri pa nthawi imene pali anthu ochepa, m'malo mothamangira kumeneko m'mawa uliwonse mwana ali kumsana. Njinga imanyamula zigubu ziwiri kapena zitatu ulendo umodzi, wilibala chimodzimodzi. Pali chodabwitsa apa: bambo amene sangasenze ndowa pamutu poopa kusekedwa amakwera njinga ya zigubu popanda manyazi, ndipo mwina ndiyo njira yachidule yolowetsera abambo ndi anyamata pa ntchito ya madzi. Zovala n'kwabwino kuchapira pa malo ochapira a pafupi ndi mjigo, popeza kunyamula zovala n'kopepuka kusiyana ndi kunyamula madzi ochapira. M'dzinja, nyumba ya malata imadzaza yokha mgolo wochapira ndi wokolopera. Madzi akumwa okha ndiwo safuna chidule: aikidwe mu ndowa yakeyake yovundikira, athiridwe klorini. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anaonetsa mtengo wa kunyozera zimenezi.

Pambuyo pa madzi pamabwera moto. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo okhala ndi magetsi a ESCOM anali pafupifupi 11 pa 100 aliwonse. Kumudzi chiwerengerochi n'chotsika kwambiri. Mafuwa atatu amamwaza moto mbali zonse. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo n'kuwotchedwa, imausonkhanitsa pansi pa poto ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi. Boma linailimbikitsa kuyambira 2013, pamene linalengeza cholinga chofikitsa mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020. Phindu lake kwa kholo lapantchito ndi lakuti mtolo umodzi umakhalitsa, ndiye maulendo a kuthengo amachepa.

Ku Kandeu kuli mwayi wina. Derali linali limodzi mwa madera a zaulimi amene pulojekiti ya Africa RISING inagwiramo ntchito, pamodzi ndi Nsipe m'Ntcheu momwemo, komanso Linthipe ndi Golomoti ku Dedza, ndipo alimi anaphunzira kubzala nandolo mophatikiza ndi mtedza. Nandolo akakololedwa, mitengo yake imakhala nkhuni zouma, zopepuka, zoyenerana ndi chitetezo mbaula. Munda womwewo wapereka ndiwo, chonde ndi moto. Nkhuni zonse ziunjikidwe pansi pa denga mu Okutobala mvula isanagwe, chifukwa nkhuni zonyowa zimachedwetsa phala la m'mawa, ana n'kuchedwa ku sukulu.

Nyemba ndizo ndiwo zodya nkhuni kwambiri. Zikaviikidwa usiku wonse zimapsa msanga. Ena amaziwiritsa kanthawi, kenako n'kuika poto wovundikira bwino m'dengu loyalamo nsanza kapena bulangete lakale, n'kukutira pamwamba. Kutentha kumapitiriza kuphika mwini wake ali kuntchito, pobwera n'kungotenthetsa, kuthira mchere, tomato ndi anyezi. Mbatata kapena chinangwa cha kadzutsa chingaphikidwe madzulo pa moto wotsala wa nsima.

Nkhani ya ufa imafuna kuinena mosabisa, ngakhale ena saikonda. Ufa woyera ndi ntchito ya masiku angapo: chimanga chipite kokonola, chipetedwe kuchotsa madeya, mphale iviikidwe masiku awiri kapena atatu, ivuulidwe, itsukidwe, iyanikidwe pa mphasa wina akuingitsa nkhuku ndi mbuzi, ibwererenso ku chigayo, ufawo uyanikidwenso. Mgaiwa ndi ulendo umodzi basi, thumba limatulutsa ufa wambiri, ndipo chakudya chimene chimatayika ndi madeya chimatsalamo. Pakati pa ziwirizi pali gramil, wokonola n'kugaya osaviika. Chimene chimaletsa mabanja ambiri kusintha si kukoma kokha ayi, koma maganizo akuti mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera komweko kapena wa nthawi ya njala. Banja la anthu awiri apantchito lingasunge ufa woyera wa Lamulungu ndi wa alendo, masiku ena n'kumadya gramil. Ku chigayo kupitidwe kamodzi pa mwezi, ufa wakale usanathe, popeza magetsi ndi dizilo sizilonjeza tsiku. Chimanga chosungidwa m'matumba osalowa mpweya a PICS chimapulumuka kwa nankafumbwe popanda kuchitulutsa kawirikawiri kukachithira mankhwala.

Ntcheu ndi boma la ndiwo zamasamba, ndipo misika ya Lizulu ndi pa Tsangano Turn-off imadziwika dziko lonse ndi kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Komabe chopulumutsa mayi wobwera mochedwa ndi mfutso wa makolo. Khwanya, chitambe ndi nkhwani zofutsidwa m'nyengo ya masamba ambiri zimakhala miyezi, kaya m'chikwatu kaya m'chidebe chouma, ndipo ndi nsinjiro zosinjiratu zimapsa madzi a nsima asanawire bwino. Usipa wouma ndi soya zimathandizanso chimodzimodzi. Mbale zikatsukidwa ziikidwe pa thandala ziume zokha.

Kusita sikungasiyidwe, makamaka m'dzinja, chifukwa pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zachinyezi zoyanikidwa pansi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu la ana. Chimene chingasinthe n'chakuti nsimbi ya makala iyatsidwe kamodzi pa sabata, mayunifolomu ndi zovala za kuntchito zisitidwe zonse n'kupachikidwa.

Pa ndalama, foni yadula maulendo ambiri. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mabanki ali ndi njira zawo monga Mo626 ya National Bank of Malawi, zimene zimagwira ngakhale pa foni ya mabatani. Wolandira malipiro ku banki angathe kusamutsa ndalama kupita pa foni, kugula mayunitsi a magetsi ndi kutumizira mwana wa kusukulu osakwera galimoto ya ku boma. Pali zofunika kusamala. Kutulutsa ndalama kwa ejenti kuli ndi mtengo wake, choncho kutapa pang'onopang'ono kambirimbiri kumadula kuposa kulipira mwachindunji pa foni pamene n'kotheka. Kumapeto kwa mwezi maejenti a m'misika ing'onoing'ono amatha kuperewedwa ndalama chifukwa onse amafika tsiku limodzi. Ndipo akuba a pa foni amakonda munthu wothamanga: uthenga wakuti wina watumiza ndalama molakwika, kapena foni yofunsa nambala yachinsinsi, siziyenera kuyankhidwa munthu asanaone yekha ndalama zimene zilimo.

Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yakhala ikusintha pafupipafupi. Kugula sopo, mchere, shuga, machesi ndi mafuta ophikira a mwezi wonse tsiku lolandira kumateteza ndalama, komanso kumathetsa kutuma mwana ku golosale katatu pa tsiku. Banki mkhonde imathandiza pa zazikulu, makamaka ngati gulu lakonza kugawana pa nthawi imene mamembala amafuna fetereza kapena zofunika za kusukulu, imene chaka chake chimayamba mu Seputembala.

Mapepala ndiwo amavutitsa mwakachetechete, chifukwa amafunika mwadzidzidzi. Chiphaso cha unzika, chimene bungwe la NRB linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017 kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo, chimafunidwa ku banki, polembetsa simu khadi ndi pogula fetereza wotsika mtengo. Kuyambira 2015 mwana aliyense wobadwa ayenera kulembedwa m'kaundula, ndipo n'kosavuta kudzaza fomu yake kuchipatala komweko mayi asanatuluke kusiyana ndi kudzayamba kulondola patapita zaka. Zonsezi, pamodzi ndi mabuku a kuchipatala, masatifiketi a sukulu, mtchatho ndi makalata a malo, zikhale m'chikwama chimodzi chapulasitiki, chopachikidwa pamene chiswe ndi madontho a denga sizifika, ndipo onse awiri, bambo ndi mayi, adziwe pamene chili. Wokhala ndi foni ya kamera ajambule pepala lililonse. Ulendo wa ku Ntcheu boma umadya tsiku lonse ndi ndalama za mayendedwe, ndiye usamapitidwe chifukwa cha chinthu chimodzi: za ku banki, za ku ofesi ya DC ndi zogula zosapezeka pafupi zilembedwe pa pepala, zichitike tsiku limodzi, ndipo n'kwanzeru kuimbira kaye wodziwa ngati makina a ku banki ndi ku maofesi akugwira ntchito.

Masiku nawonso amafuna polembedwa. Katemera wa mwana amayamba pobadwa, kenako pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa chikuku amabwera pa miyezi 9 ndi 15. Kuwonjezera apo pali sikelo, msonkhano wa makolo kusukulu, tsiku la banki mkhonde, chitukuko cha kwa amfumu ndi zopereka za ku mpingo. M'mabanja ambiri zonsezi zimasungidwa m'mutu mwa mayi, ndipo kukumbukira kumeneku ndi ntchito payokha ngakhale palibe amene amaiona. Kalendala ya pakhoma, ngakhale yolandira ku mpingo kapena ku sitolo, ikalembedwa ndi bolopeni imachititsa kuti aliyense aone chimene chikubwera. Bambo angathe kupita ndi mwana ku sikelo. Palibe lamulo loletsa. Pa matenda ang'onoang'ono ofuna uphungu, Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, chimayankha kwaulere.

Lamulo la ntchito limapereka kwa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, ndipo kusintha kwa mu 2021 kunawonjezera masabata awiri a bambo kamodzi pa zaka zitatu, komanso nthawi yoyamwitsa pa maola a ntchito. Abambo ambiri satenga masabata awowo chifukwa chosadziwa kapena manyazi. Mwana akakulako, sukulu ya mkombaphala imamusunga m'mawa. Ana okulirapo apatsidwe ntchito zawozawo zosasinthasintha, anyamata ndi atsikana mofanana, monga kusesa, kutsekera nkhuku ndi kudzaza mpondagiya wa pa chimbudzi.

Njira imene mabanja ambiri apantchito amathamangira ndiyo kutenga kamtsikana ka kumudzi kuti kazilera mwana, polonjeza kukaphunzitsa. Nthawi zambiri sukuluyo imathera panjira. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Wantchito wamkulu, wogwirizana naye malipiro ndi tsiku lopuma, ndiye woyenera. Kumene ndalama sizikwana, mabanja awiri oyandikana, monga a m'nyumba za aphunzitsi, amatha kulemba mmodzi wochapa masiku osiyana, kapena kusinthana kuperekeza ana.

Dongosolo lonseli limayesedwa m'dzinja. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kubzala, kupalira, kuthira fetereza ndi kubandira zimagwera pamodzi, malungo amachuluka, misewu ya dothi imaterera, ndipo maliro akagwa m'mudzi zonse zimaima. Mphunzitsi sangasiye kalasi kukapalira, pomwe udzu sudikira Loweruka. Amene amadutsa bwino nyengoyi ndi amene anapatula ndalama kapena chimanga cha aganyu kuyambira nthawi yokolola, anagwirizana nawo mvula isanagwe pamene sanayambe kulimbiranidwa, ndipo anachepetsa munda kufika pa umene angathe kuusamalira pamodzi ndi ntchito yawo.