Malamulo a right-to-work ku United States

Malamulo a right-to-work ndi malamulo a m'zigawo zina za dziko la United States omwe amaletsa kampani ndi bungwe la anthu ogwira ntchito kupangana kuti wantchito aliyense azipereka ndalama ku bungwelo, apo ayi achotsedwe ntchito. M'chaka cha 2024, zigawo 26 mwa zigawo 50 za dzikolo zinali ndi malamulo oterewa, zambiri mwa izo zakum'mwera ndi zapakati pa dzikolo.

Dzina la malamulowa limasokoneza anthu ambiri. Mawu ake amanena za ufulu wogwira ntchito, koma malamulowa salonjeza munthu aliyense ntchito, ndiponso sateteza munthu kuti asachotsedwe ntchito popanda chifukwa. Ndi osiyananso ndi ufulu wogwira ntchito umene uli mu ndime 23 ya chikalata cha ufulu wachibadwidwe chomwe bungwe la United Nations linavomereza mu 1948. Nkhani yake ndi imodzi yokha: ngati bungwe likuimira antchito onse pakampani, ndani ayenera kulipira ntchito yowaimirayo?

Gwero la mkangano

Mkanganowu umachokera pa mmene lamulo la dziko lonse linakonzera ntchito za mabungwe. Mu 1935, pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasainira lamulo la National Labor Relations Act, lomwe ambiri amalitchula kuti lamulo la Wagner. Lamuloli linapatsa antchito a m'makampani ufulu wokhazikitsa mabungwe, wokambirana za malipiro monga gulu, ndiponso wochita sitalaka. Linanenanso kuti antchito oposa theka akasankha bungwe, bungwelo ndilo lokha limene lidzalankhulire antchito onse a gululo, kuphatikizapo amene anavota kuti sakulifuna.

Mphamvu imeneyi inabwera ndi udindo. Mu 1944, khothi lalikulu kwambiri m'dzikolo linaweruza mlandu wa Steele, munthu wakuda amene ankagwira ntchito yosonkhezera moto pa sitima zapamtunda za kampani ya Louisville and Nashville. Bungwe lomwe linkaimira antchito a mtundu umenewu silinkalola anthu akuda kukhala mamembala, ndipo linapangana ndi makampani zinthu zowachotsera anthu akudawo ntchito zabwino. Khothi linati bungwe lomwe lapatsidwa mphamvu yolankhulira onse liyenera kuimira onse mopanda tsankho, kaya ndi mamembala kaya ayi. Pambuyo pake mfundoyi inayamba kugwira ntchito m'makampani a mitundu ina.

Tiyerekeze fakitale ya antchito 500 momwe 300 asankha bungwe. Bungwelo likakambirana ndi abwana n'kukweza malipiro, onse 500 amalandira. Mmodzi mwa 200 aja akachotsedwa ntchito mosatsata mgwirizano, bungwe silingamukane chifukwa choti si membala, ngakhale mlandu wake utafuna maloya ndi ndalama zambiri. Ndalamazo zimachokera ku zopereka za mamembala, zomwe kawirikawiri zimakhala 1 kapena 2 peresenti ya malipiro awo. N'chifukwa chake mabungwe amafuna kuti m'mgwirizano mukhale ndime yonena kuti aliyense azisonkhako.

Ndime zoterezi zakhala za mitundu itatu. Mu closed shop, kampani inkalemba ntchito anthu okhawo amene ali kale mamembala. Mu union shop, kampani imalemba aliyense, koma wolembedwayo amayenera kulowa m'bungwe pakapita masiku 30. Mu agency shop, munthu sakakamizidwa kulowa, koma amapereka ndalama zolipirira ntchito yomuimira. Lero kusiyana kwa mitundu iwiri yomalizayi n'kochepa. Pa mlandu wa kampani ya General Motors mu 1963, khothi linati umembala umene munthu angakakamizidwe ndi wopereka ndalama basi. Pa mlandu wa Beck mu 1988, linawonjezera kuti munthu yemwe si membala akhoza kukana kulipira ndalama zopita ku ndale, n'kumalipira gawo lokhudza kukambirana za malipiro ndi kuimira antchito pamilandu. Choncho ngakhale m'zigawo zopanda malamulo a right-to-work, palibe amene angachotsedwe ntchito chifukwa chongokana kulembetsa umembala. Chimene malamulowa amachotsa ndi gawo lotsala lija la ndalama.

Mbiri

Mawu akuti right-to-work anatchuka ndi William Ruggles, mkonzi wa nyuzipepala ya Dallas Morning News, yemwe anawalemba mu 1941. Amene anawayendetsa kwambiri m'zigawo zakum'mwera anali Vance Muse wa ku Texas, kudzera m'bungwe lake la Christian American Association. Muse sankabisa kuti chimodzi mwa zifukwa zake chinali tsankho: sankafuna kuti azungu ndi anthu akuda azikhala m'bungwe limodzi. Otsutsa malamulowa amakumbutsa mbiri imeneyi mpaka lero, pomwe owakonda amayankha kuti mabungwe ambiri a nthawi imeneyo nawonso ankasala anthu akuda, monga mlandu wa Steele ukusonyezera. Zigawo za Arkansas ndi Florida ndizo zinayamba kukhazikitsa malamulowa, mu 1944.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, m'dzikomo munabuka masitalaka ochuluka. Mu 1946 mokha, anthu oposa 4 miliyoni ananyanyala ntchito m'migodi ya malasha, m'mafakitale a zitsulo ndi magalimoto, ndiponso pa njanji. Chaka chomwecho chipani cha Republican chinapambana m'nyumba zonse ziwiri za malamulo, ndipo mu 1947 chinadutsitsa lamulo la Taft-Hartley. Pulezidenti Harry Truman anakana kulisainira, koma aphungu analivomerezanso ndi mavoti okwanira kuposa kukana kwake. Lamuloli linathetsa closed shop m'dziko lonse, ndipo ndime yake ya 14(b) inalola chigawo chilichonse kuletsa mitundu inayo. Malamulo onse a right-to-work okhudza makampani aima pa ndime imeneyi. Mu 1965 mabungwe anatsala pang'ono kuifafaniza: nyumba yaing'ono inavomera, koma m'nyumba ya Senate nkhaniyo inatsekerezedwa ndi aphungu otsogozedwa ndi Everett Dirksen.

Kwa zaka zambiri malamulowa anali a kum'mwera ndi a zigawo za alimi. Zinthu zinasintha mu 2012 pamene Indiana ndi Michigan anawakhazikitsa. Za Michigan zinadabwitsa anthu, chifukwa ndi kwawo kwa mafakitale a magalimoto a ku Detroit ndi bungwe la United Auto Workers. Kenako kunabwera Wisconsin mu 2015, West Virginia mu 2016 ndi Kentucky mu 2017. Ku Missouri aphungu anavomereza lamuloli mu 2017, koma pa riferendamu ya mu Ogasiti 2018 anthu awiri mwa atatu alionse analikana. Mu 2023 Michigan inafafaniza lamulo lake, ndipo chinali chigawo choyamba kuchita zimenezi kuchokera mu 1965, pamene Indiana inafafaniza lamulo lake loyamba la mu 1957.

Antchito a pa njanji ndi a m'makampani a ndege sakhudzidwa ndi malamulo a zigawowa, popeza iwo ali pansi pa lamulo lina la dziko lonse, la Railway Labor Act.

Maganizo a mbali ziwiri

Okonda malamulowa amayambira pa ufulu wa munthu payekha. Iwo amati ufulu wolowa m'gulu ulibe tanthauzo ngati palibe ufulu wokana, ndipo si bwino munthu kutaya ntchito yodyetsera ana ake chifukwa chokana kulipira gulu lomwe sanalisankhe. Amatinso bungwe limene limadziwa kuti ndalama zibwera ndithu limagona tulo, pomwe bungwe loyenera kukopa membala aliyense limamvera zofuna za anthu ake. Akauzidwa kuti osalipirawo amakolola pamene sanafese, amayankha kuti mabungwe ndiwo amafuna mphamvu yolankhulira onse, choncho asadandaule ndi mtolo umene anadzisenzetsa okha. Bungwe la National Right to Work Committee, lomwe linakhazikitsidwa mu 1955, ndilo limatsogolera mbali imeneyi, mothandizana ndi mabungwe a eni makampani.

Otsutsa amati palibe amene amakakamizidwa kukhala membala, ndipo chimene malamulowa amachita ndi kulamula bungwe kugwira ntchito kwaulere. Munthu wanzeru zake akaona kuti malipiro akwera ndithu kaya alipire kaya asalipire, amasunga ndalama yake. Anthu ambiri akachita chimodzimodzi, thumba la bungwe limauma, bungwe limalephera kulipira maloya kapena kuthandiza mamembala pa sitalaka, ndipo abwana saliopanso. Kwa iwo cholinga chenicheni cha malamulowa ndi kufooketsa mabungwe, osati kumasula wantchito. Martin Luther King Jr. anali mmodzi mwa amene ankati dzina la malamulowa ndi lonyenga.

Si onse okonda msika waufulu amene amagwirizana ndi malamulowa. Katswiri wa zachuma Milton Friedman, yemwe sankakonda mabungwe a antchito, anawatsutsa m'buku lake la mu 1962 lotchedwa Capitalism and Freedom. Iye ankaona kuti boma likaletsa kampani ndi bungwe kupangana zimene zafuna, likulowerera pa mgwirizano wa anthu awiri.

Anthu wamba nawo sagawanika mofanana ndi andale. Mu 2014, bungwe lofufuza maganizo a anthu la Gallup linapeza kuti anthu 71 pa 100 alionse angavotere lamulo la right-to-work, koma m'kafukufuku yemweyo oposa theka anati amagwirizana ndi mabungwe a antchito. Pofika mu 2022, ogwirizana ndi mabungwe anali atafika 71 pa 100. Zikuoneka kuti anthu ambiri amafuna mabungwe akhalepo koma safuna kukakamizidwa kuwalipira, ndipo mayankho awo amadalira mmene funso lafunsidwira. Za ku Missouri zija zikusonyeza kuti povota penipeni zinthu zikhoza kutembenuka.

Zimene ofufuza apeza

Mbali zonse zimatchula ziwerengero, ndipo zambiri mwa izo n'zoona koma sizitsimikizira zimene eni ake amafuna. N'zoona kuti zigawo za right-to-work zakhala zikukula msanga pa chiwerengero cha anthu ndi ntchito, ndiponso kuti makampani akunja a magalimoto anamanga mafakitale ambiri kumeneko, monga Nissan ku Tennessee, BMW ku South Carolina ndi Mercedes-Benz ku Alabama. N'zoonanso kuti malipiro m'zigawozi ndi otsikirapo. Vuto n'lakuti zigawo zimenezi zinali kale zosiyana ndi zinzake: malo ndi nyumba n'zotchipa, misonkho ndi yotsika, ndipo mabungwe anali ofooka malamulowa asanabwere.

Pofuna kuthana ndi vutoli, Thomas Holmes mu 1998 anayerekeza maboma ang'onoang'ono oyandikana a mbali ziwiri za malire a zigawo. Anapeza kuti mafakitale ndi ochuluka kwambiri mbali ya right-to-work. Koma iye mwini anachenjeza kuti zigawo zoterezi zimakhalanso ndi malamulo ena okomera amalonda, moti n'kovuta kudziwa lamulo limene lakopa mafakitalewo. Bungwe la Economic Policy Institute, lomwe limagwirizana ndi mabungwe a antchito, linapeza kuti malipiro ndi otsika ndi pafupifupi 3 peresenti ngakhale poganizira mtengo wa zinthu ndi maphunziro a antchito. Ofufuza a mbali inayo amatsutsa mawerengedwe amenewa.

Pa ndale umboni ndi womvekerapo. Mabungwe a antchito amathandiza kwambiri chipani cha Democratic ndi ndalama ndiponso anthu oyenda khomo ndi khomo. Kafukufuku wa mu 2018 wa James Feigenbaum, Alexander Hertel-Fernandez ndi Vanessa Williamson anapeza kuti lamuloli likakhazikitsidwa, mavoti a chipanichi pa chisankho cha pulezidenti amatsika ndi pafupifupi 3.5 pa 100 alionse. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene malamulowa amasinthira chipani cholamula chikasintha, monga zinachitikira ku Michigan.

Kuchepa kwa mamembala a mabungwe sikungaikidwe pa malamulowa okha. M'zaka za m'ma 1950, pafupifupi wantchito mmodzi mwa atatu alionse anali m'bungwe. Mu 1983 anali 20.1 peresenti, ndipo mu 2023 anali 10 peresenti, m'makampani 6 peresenti yokha. Chiwerengerochi chatsika m'zigawo zonse, chifukwa cha kutsekedwa kwa mafakitale, makina olowa m'malo mwa anthu ndiponso kulimbana kwa makampani ndi mabungwe. Komanso lamuloli silipha bungwe lolimba. Ku Nevada, chigawo cha right-to-work, bungwe la Culinary Workers Union la antchito a m'mahotela a ku Las Vegas ndi limodzi mwa amphamvu kwambiri m'dzikolo. Mu Epulo 2024 antchito a fakitale ya Volkswagen ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee, anavotera United Auto Workers, ngakhale kuti mwezi wotsatira anzawo a Mercedes-Benz ku Alabama analikana bungwe lomwelo.

Antchito a boma

Antchito a boma, monga aphunzitsi ndi apolisi, ali ndi nkhani yawoyawo. Mu 1977, pa mlandu wa Abood wokhudza aphunzitsi a ku Detroit, khothi lalikulu linalola kuti omwe si mamembala azilipira gawo la ndalama zowaimira. Mu June 2018 khothi lomwelo linagwetsa chigamulochi pa mlandu wa Mark Janus, wantchito wa boma la Illinois, oweruza asanu atagwirizana ndipo anayi atatsutsa. Woweruza Samuel Alito analemba kuti kukambirana za malipiro ndi boma ndi nkhani ya ndale kale, popeza kumakhudza misonkho ndi bajeti, choncho kukakamiza munthu kulipira n'kumuphwanyira ufulu wolankhula. Woweruza Elena Kagan, polembera otsutsawo, anati khothi lalanda zigawo mphamvu yodzisankhira pa nkhani imene zinkayendetsa bwino kwa zaka 41. Kuyambira pamenepo wantchito wa boma aliyense m'dzikolo sangakakamizidwe kulipira bungwe.

M'maiko ena

Maiko ena anayankha funso lomweli mosiyana. Ku Canada, sitalaka ya pa kampani ya Ford ku Windsor itatha, woweruza Ivan Rand anagamula mu 1946 kuti wantchito asakakamizidwe kulowa m'bungwe koma aliyense azidulidwa zopereka, ndipo njira imeneyi ikugwirabe ntchito. Dziko la Britain linathetsa closed shop pang'onopang'ono mu ulamuliro wa Margaret Thatcher, mpaka lamulo la mu 1990. Ku South Africa, lamulo la Labour Relations Act la mu 1995 limalola agency shop, komanso closed shop ngati antchito awiri mwa atatu alionse ovota avomereza, koma limaletsa kuti ndalama zimenezo zipite ku chipani cha ndale.