Mitsempha ya mtima sigawika mofanana mwa anthu onse

Mtima umapopa magazi usana ndi usiku, koma sudya magazi omwe akudutsa m'zipinda zake. Mpweya ndi chakudya umalandira kudzera m'mitsempha iwiri yomwe imaphuka patsinde pa mtsempha waukulu wotchedwa aorta, n'kuyanga pamwamba pa mtimawo ngati ngalande zothirira dimba. Wakumanzere ukangoyenda pang'ono umagawika pawiri, nthambi ina kutsikira kutsogolo, ina kuzungulira kumbuyo. Umo ndi momwe mabuku amajambulira, koma m'zifuwa za anthu muli zosiyanasiyana. Mwa anthu 7 kapena 8 pa 10 alionse, nthambi yodyetsa kunsi kwa mtima imachokera ku mtsempha wakumanja. Mwa mmodzi pa 10 imachokera kumanzere, ndipo mwa otsalawo mbali zonse zimathandizana. Palinso ena amene mtsempha wawo wakumanzere umagawika patatu. Onsewa ndi anthu abwinobwino. Kusiyana si matenda, koma kuyenera kudziwika, chifukwa pakati pa mitundu yambiri yosavulaza pabisala yochepa yomwe imapha.

Umboni wake ulipo. Kuyambira mu 1958, pamene Mason Sones wa ku Cleveland Clinic ku America anajambula mitsemphayi atathiramo mankhwala ooneka pa X-ray, madokotala akhala akuiona mwa anthu amoyo. Mu 1990, Yamanaka ndi Hobbs a pachipatala chomwecho anaunika zithunzi za odwala 126,595 ndipo anapeza kuti 1.3 peresenti anali ndi mitsempha yophuka kapena kudutsa pamalo achilendo. Mwa amenewo, pafupifupi 8 pa 10 alionse analibe choopsa chilichonse. Choopsa chimadza makamaka pamene mtsempha wakumanzere waphukira kumanja n'kudutsa pakati pa aorta ndi mtsempha wopita kumapapo. Munthu akakhala phee, magazi amayenda bwino. Akayamba kuthamanga, mitsempha ikuluikuluyo imafufuma, njira ya wocheperayo imapanikizika, ndipo mtima umasowa mpweya panthawi yomwe ukuufunitsitsa. Ku America, vutoli lili m'gulu la zifukwa zikuluzikulu zomwe achinyamata amasewera amafera mwadzidzidzi pabwalo. Katswiri wa basketball Pete Maravich anagwa n'kumwalira mu 1988 ali ndi zaka 40, ndipo atamupima anapeza kuti anabadwa wopanda mtsempha wakumanzere. Kwa makanda ena, mtsemphawo umaphuka pa mtsempha wopita kumapapo, womwe magazi ake ali ndi mpweya wochepa. Khanda lotere limalira ndi kutuluka thukuta poyamwa, limapuma mwabefu, ndipo popanda opaleshoni ambiri safika chaka.

Wina angafunse kuti ngati mitundu yambiri sivulaza, n'kuvutikiranji kuiphunzira? Yankho lili m'manja mwa dokotala. Iye akamalowetsa kachubu kuti atsegule mtsempha wotsekeka, akapanda kuupeza pamalo ozolowereka akhoza kuganiza kuti watsekekeratu, chonsecho wangophukira pena. Wochita opaleshoni ya mtima naye akhoza kudula nthambi yomwe sanaiyembekezere pamenepo. Ngakhale kukula kwa ngozi kumatengera kagawikidweka: munthu amene mbali yaikulu ya mtima wake imadalira kumanzere amavulala kwambiri mtsempha umenewo ukatsekeka.

Winanso anganene kuti basi, aliyense akaunikidwe. Pamenepo sindikuvomereza. Kujambula mitsemphayi ndi makina a CT kumadya ndalama zambiri, kumalowetsa cheza m'thupi, ndipo mankhwala ake amatha kulemetsa impso. Kuunika anthu onse kungadzetse mantha kwa ambiri omwe kusiyana kwawo sikukanawavutitsa moyo wawo wonse. Komanso chomwe chimawononga mitsempha ya mtima mwa anthu ochuluka si kabadwidwe kake ayi, koma mafuta oundana m'kati mwake chifukwa cha fodya, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chofunika ndi kumvera zizindikiro. Wachinyamata akakomoka ali mkati mothamanga, kapena akamamva kupweteka pachifuwa nthawi iliyonse akalimbikira masewera, tisamangomuthira madzi n'kumati ndi dzuwa kapena njala. Ayambe waleka masewerawo, apite kuchipatala, ndipo makolo kapena mphunzitsi afotokoze momveka kuti anagwa akuthamanga, osati ataima. Mfundo imeneyo ndi yomwe ingachititse dokotala kuunika mtima pomwe mitsemphayo yaphukira.