Kodi mumadziwa? Akazitape a m'makatuni

• Pa 20 Julayi 2023, Netflix idatulutsa Supa Team 4, katuni yake yoyamba ya magawomagawo yochokera mu Africa. Adaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nkhaniyi imachitikira mu Lusaka wam'tsogolo, momwe Mama K, kazitape wopuma pantchito, amasonkhanitsa atsikana 4 a sukulu kuti alimbane ndi zigawenga. Nyimbo yotsegulira adaimba ndi Sampa the Great.

• Chaka chomwecho, mu Malichi, kudatulukanso Agent Elvis, katuni yoseketsa ya magawo 10. M'menemo katswiri woimba Elvis Presley amagwira ntchito ya ukazitape mobisa. Adaiyambitsa ndi Priscilla Presley, yemwe adali mkazi wake, pamodzi ndi John Eddie.

• Nkhaniyi ili ndi pochokera. Mu Disembala 1970, Elvis adakumana ndi Pulezidenti Richard Nixon ku White House napempha baji ya nthambi yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo adampatsadi.

• Makolo, samalani: mu Agent Elvis muli ziwawa ndi mawu otukwana, ndi ya akuluakulu okha. Ana aonetseni Supa Team 4.