Nthochi Siidya Chakudya cha Chimanga

Munthu akamayenda pa msewu wochoka ku Chipata kulinga ku Mwami, kumene dziko la Zambia lichita malire ndi Malawi, akaponya maso kuseri kwa nyumba za m'midzi adzaona chinthu chimene ambiri achizolowera osachifunsa: nthochi yonenepa, ya masamba obiriwira ndi mkoko wolemera wofuna mphanda, kawirikawiri ndi ija yomera padzala, pamene amayi amataya phulusa, makoko ndi zinyalala za pabwalo, koma ija mwini wake anaithira feteleza wotsala kumunda imangotalika, nibala mkoko wochititsa manyazi pamaso pa alendo.

Chifukwa chake chili pa thumba la feteleza lomwelo. Feteleza wokulitsa amene mlimi wa kuno amam'dziwa, D Compound, amalembedwa 10-20-10, ndipo manambala atatuwo amanena za nayitirojeni, fosiforasi ndi potashi. Ndiko kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli potashi wokwana makilogalamu 5 okha. Wobereketsa uja, yureya, ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100, koma potashi alibe ngakhale pang'ono. Zimenezi zinalinganizidwira chimanga. Nthochi njala yake ndi ina: imadya potashi koposa mchere wina uliwonse wa m'nthaka, koposa ngakhale nayitirojeni, pakuti ndiye amene amayendetsa shuga kuchoka m'masamba kukadzaza zipatso, ndipo mkoko uliwonse umene tidula ndi kupita nawo kumsika wa Kapata umatuluka ndi potashi amene sadzabwereranso paphandopo.

Nthochi yosowa potashi siibisa. Masamba akale amasanduka achikasu chofiirira kuyambira kunsonga, amauma msanga, msana wa tsamba nkupindika. Mkoko umachedwa, ndipo nthochi zake zimakhala zowonda ngati zala.

Tsono amayi athu anaudziwa mchere umenewu kalekale, ngakhale dzina lake la kusukulu sanalimve. Pamene amadontheza madzi m'phulusa kuti apeze chidulo chophikira therere, chimene amatcheza m'mbale muja ndi potashi yemweyo. Phulusa la nkhuni, lomwazidwa pang'onopang'ono mozungulira phando, ndi feteleza amene sagulidwa. Ndipo m'dziko lino la Angoni a Mpezeni, kumene khola la ng'ombe silisowa m'mudzi, manyowa owolerana bwino amapereka zotsalazo, nasunganso chinyezi m'miyezi ya chilimwe. Mmera mpoyamba, anatero akuluakulu: dzenje lobzalamo nthochi likhale masentimita 60 kuya kwake ndi kutambalala kwake, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa ndowa imodzi kapena ziwiri. Zitosi za nkhuku n'zaukali, ziyambe zaola. Ndipo masamba ouma ndi thunthu lodulidwa musazitenthe kapena kuzitaya kutali. Ziduleni ndi kuziyala pansi pomwepo, kuti chimene chinachoka m'nthaka chibwerere kunthaka.

Amene ali ndi ndalama nafuna za m'sitolo, afunse Muriate of Potash, amene ali ndi potashi magawo 60 pa 100, namuthire pamodzi ndi yureya pang'ono, kawiri kapena katatu m'nyengo ya mvula, osati zonse tsiku limodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Athire pa dothi lonyowa, mozungulira, kutalikira tsinde ngati theka la mita, ndi kukwirira mosazamitsa khasu, popeza mizu ya nthochi imayenda pamwamba. Chimodzi chokha ndichenjeze, pakuti ndaona anthu anzeru akuchichita: yureya asasakanizidwe ndi phulusa. Ukali wa phulusa umasandutsa nayitirojeni mpweya wonunkha uja wa m'khola, ndipo ndalama zimauluka mwini wake akuyang'ana.

Phando limodzi likhale ndi mayi, mwana ndi mdzukulu basi. Mphukira zina zonse ndi alendo odya chakudya cha eni nyumba.

Koma mukaona nthochi yapinimbira, masamba ake ali ang'onoang'ono, oimirira ndi othinana kunsonga ngati tsache, imeneyo si njala ayi. Ndi chisaka, matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndi mphukira zodwala, amene anatha minda yambiri ku Nkhata Bay ndi ku Thyolo, ndipo palibe feteleza wochiritsa. Zulani phando lonse ndi mizu yomwe, musapatse mnzanu mphukira yake, ndipo kauzeni mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.